Kochi watsopano, njala yakale

Kochi watsopano akangolengezedwa, mpira umayamba kuseweredwa pakamwa gemu yoyamba isanafike. Pa depoti ya Kasungu, pomwe anyamata a kabaza amatsamira njinga zawo podikira anthu otsika minibasi za ku Lilongwe, mumamva wina watchula kale osewera onse oyenera kuyamba. Wina akuti goloboyi uja achoke, manja ake ndi obooka. Wina akuti goloboyi alibe mlandu, vuto ndi madala a mu komiti. Wachitatu, yemwe mwina watha zaka ziwiri osapondako pa bwalo, ndiye amatseka nkhani: "Achimwene, chaka chino chikho chikubwera basi."

Mawu amenewa ndinayamba kuwamva ndili mnyamata, ndipo sasintha. Amanenedwa pa timu ya m'mudzi ku Santhe kapena ku Nkhamenya yomwe ikulimbirana mbuzi pa bonanza, amanenedwa pa matimu a mu Super League, amanenedwanso pa Flames. Chondidabwitsa ndi chimodzi. Timu ikatha zaka zambiri osapambana, ungaganize kuti masapota ake azolowera kudikira. Ayi ndithu. Njala ikamakula, mtima wodikira umachepa. Kochi wa timu yozolowera zikho akhoza kugonja kawiri motsatizana anthu n'kungoti ndi mpira. Mnzake amene walowa pa timu yomwe yaiwala kulemera kwa chikho amapatsidwa magemu atatu, akachuluka anayi, kenako nyimbo zomuthamangitsa zayambika.

Chifukwa chake si nkhanza za masapota. Kochi watsopano salowa m'nyumba yosesa. Amapeza ngongole ya anthu onse amene anakhala pa mpandowo iye asanabwere, ndipo masapota amafuna abweze yekha. Munthu amene wakhala akulipira pakhomo zaka khumi, n'kumabwerera kunyumba akusekedwa ndi anzake a timu ina, saona gemu yachitatu ya kochi watsopano ngati gemu yachitatu. Kwa iye ndi gemu ya mazana angapo, ndipo yathanso ngati zinzake zija. Kochi amawerenga masabata, sapota amawerenga zaka. Awiriwa akamakangana amakhala akuyang'ana makalendala osiyana.

Tikati masapota akufuna zotsatira, timalankhula ngati akufuna chinthu chimodzi. Mukakhala nawo pansi, mumapeza kuti akufuna zinthu zingapo zomwe zimamenyana zokha. Akufuna timu ipambane Loweruka likubwerali, komanso akufuna kochi achotse nkhalamba n'kulowetsa ana. Koma mwana amalakwitsa, ndipo kulakwitsa kwake kumadya mapointi. Akufuna mwambo, kuti wosewera wobwera ku maphunziro atamwa kapena mochedwa akhale pa benchi. Koma wosewera ameneyo akakhala dolo wawo, womwetsa zigoli, amayamba kufunsa kuti kochiyu ali naye chifukwa chanji mwana wathu. Akufuna mpira wapansi, wopatsirana, wokoma m'maso, pa bwalo lomwe mpira ukagunda pansi umasankha wokha kolowera. Ndiye pali china chomwe sichilembedwa mu kontrakiti: kugonjetsa mdani. Kochi wa Bullets kapena wa Wanderers akhoza kuchita bwino chaka chonse, koma akagonja pa gemu ya awiriwa, sabata imeneyo kwa iye ndi yamdima. N'chimodzimodzi ndi matimu awiri a pa msika umodzi kwathu kuno.

Malo abwino oonera zonsezi ndi Flames, chifukwa mbiri yake tonse timaidziwa. Timu ya dziko lino inatenga chikho cha kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978 ndi 1979, n'kudzatenganso mu 1988. Mu 1984 inapita koyamba ku ndime yomaliza ya chikho cha Africa ku Ivory Coast, ndipo mu 1987 inabwera ndi mendulo ya nambala yachitatu kuchokera ku masewero a All-Africa Games ku Nairobi. Madala amene anamvera magemu amenewo pa wailesi ndi omwe anatilera, ndipo ndi iwo anatiphunzitsa kuti malo a Malawi ndi pamwamba. Kenako panadutsa zaka 26 osabwereranso ku chikho cha Africa. M'badwo wathunthu unabadwa, n'kukwatira, usanaone Flames pa mpikisano umenewu.

Amene anathetsa chilalacho ndi Kinnah Phiri, yemwe anatenga timuyi mu 2008 Stephen Constantine atachoka. Kuyamba kwake kunali kwa mtundu womwe sapota aliyense amalota: Djibouti inakwapulidwa 8-1, ndipo patangopita masabata ochepa Egypt, yomwe inali akatswiri a Africa, inagwa 1-0 ku Blantyre ndi chigoli cha Chiukepo Msowoya chakumapeto. Mu January 2010 ku Angola, Flames inaswa Algeria 3-0, Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davie Banda atagoletsa. Usiku umenewo ku Kasungu sikunagonedwe. Koma nkhani ya Kinnah inatipatsa phunziro lomwe mwina tinalimva molakwika. Tinatenga kuti kochi woyenera akafika, zinthu zimasintha sabata yomweyo. Tinaiwala kuti Kinnah sanali mlendo kwa anyamatawo. Ambiri mwa iwo anawaphunzitsa ku Bullets, timu yomwe anaifikitsa mu ndime ya magulu ya CAF Champions League mu 2004. Anapeza Peter Mponda, Joseph Kamwendo, Esau Kanyenda ndi anzawo atakhwima, ali pa msinkhu wabwino. Mbewu inali itadzalidwa kale, iye anadziwa kukolola kwake. Ndipo ngakhale iyeyo, ngwazi yomwe inagoletsa zigoli zambiri kuposa wina aliyense mu Flames, anachotsedwa kumayambiriro kwa 2013.

Kuchokera pamenepo mpandowo wakhala wotentha. Tom Saintfiet anangodutsa. Young Chimodzi, Ernest Mtawali, Ronny Van Geneugden, Meck Mwase, Mario Marinica, Patrick Mabedi, Kalisto Pasuwa, osawerenga ogwirizira apakati. Pa zaka khumi ndi ziwiri ndi anthu ochuluka choncho, aliyense ndi kaseweredwe kake, aliyense ndi osewera ake okondedwa. Wosewera amene analowa Flames mu 2015 n'kukhalitsa, waphunzitsidwa mpira wa mitundu isanu kapena isanu ndi umodzi.

Taonani zomwe zinachitikira Meck Mwase. Mu March 2021 timu yake inagonjetsa Uganda 1-0 pa Kamuzu Stadium ndi chigoli cha Richard Mbulu, Malawi n'kupeza malo ku chikho cha Africa kachitatu. Mpikisano usanayambe ku Cameroon, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno la FAM linaika Marinica, wa ku Romania, patsogolo pake. Marinica anapezeka ndi Covid-19, ndiye Mwase ndi amene anakhala pa benchi pamene timu inagonja 1-0 ndi Guinea n'kugonjetsa Zimbabwe 2-1. Kenako inafanana mphamvu ndi Senegal osagoletsana, n'kudutsa ndime ya magulu koyamba m'mbiri yake. Gemu ya Morocco tonse tikuikumbukira: chigoli cha Gabadinho Mhango chochokera kutali chija, kenako kugonja 2-1. Funso lomwe linagawa anthu m'mavidiyo shoo ndi m'mabala linali loti, ulemu upite kwa ndani? Mpaka lero mukaliyambitsa pa depoti, anthu aiwala makasitomala. Patangotha miyezi yochepa Mwase anachotsedwa. Marinica, yemwe ankalalikira mpira wothamanga kwambiri, anayamba ndi kugonjetsa Ethiopia 2-1, koma mu March 2023 Egypt inabwera pa Bingu National Stadium n'kumwetsa zigoli zinayi kwa duu. Naye ulendo unathera pomwepo.

Mabedi analandiridwa ngati mwana wobwerera kwawo. Ku COSAFA ya 2023, mpikisano wa mayiko a kum'mwera kwa Africa, anafika mu semifainolo ndi timu ya achinyamata ambiri, ndipo anthu anati tampeza. Chaka chotsatira anagonja magemu anayi oyambirira a mpikisano wopitira ku chikho cha Africa, kuyambira ndi 3-2 ya Burundi pakhomo, ndipo anthu omwewo anati achoke. Pasuwa atagwirizira mu November 2024, anafanana mphamvu ndi Burundi, kenako anagonjetsa Burkina Faso 3-0 ku Lilongwe. Mtundu wonse unati onani kusiyana kwake.

Gemu ya Burkina Faso imeneyi ndi yofunika kuimapo pang'ono, chifukwa imaonetsa momwe maso athu amatinamizira. Sindikuchepetsa chipambanocho, zigoli zitatu ndi zigoli zitatu. Koma tsikulo Burkina Faso inali itapeza kale malo ake, ndipo Malawi inali itatuluka kale. Mbali imodzi inalibe chofera, inayo inalibe choopa. Gemu yotere siyeza kochi. Komabe ndi magemu otere amene amamanga chiyembekezo chomwe chimadzamugwera kochiyo pamutu miyezi isanu ndi umodzi kutsogolo.

Pali chifukwa china chomwe kochi watsopano amaonekera ngati wabwera ndi mankhwala, ndipo ndi cha masamu chabe. Tiyerekeze timu ya mphamvu zapakati, yomwe pa magemu khumi imapambana atatu, kufanana mphamvu atatu, n'kugonja anayi. Zotsatirazi sizibwera mwa ndondomeko ngati mizere ya m'munda. Nthawi ina imagonja kasanu motsatizana: mpira wagunda chitsulo kawiri, woyimbira wapereka penate yokayikitsa, wotchinga kumbuyo wodalirika wavulala, komanso yakumana ndi matimu akuluakulu atatu mwezi umodzi. Komiti imachotsa kochi nthawi iti? Nthawi imeneyo, pamene zinthu zafika pansi penipeni. Ndiye kuchokera pansi, kopita ndi kumwamba. Wovulala uja wachira, magemu otsatira ndi a matimu ofanana nayo, chitsulo chasiya kukana. Timu imabwerera pa mlingo wake wakale, ndipo ulemu umapita kwa amene wakhala pa benchi. Katswiri wina wa zachuma ku Netherlands, Bas ter Weel, anafufuza zimenezi mu ligi ya kwawo. Anayerekeza matimu amene anachotsa kochi zitavuta ndi ena amene anavutika chimodzimodzi koma osachotsa. Anapeza kuti magulu onse awiri anadzuka mofanana.

Izi sizikutanthauza kuti kochi alibe ntchito. Munthu watsopano akabwera, wosewera amene anaiwalidwa pa benchi amaona khomo latseguka, amene anazolowera kuyamba amachita mantha, maphunziro amatentha. Zimenezi ndi zenizeni, koma zimakhala masabata ochepa, ngati fungo la penti m'nyumba yakale. Penti ikauma, ming'alu imaonekeranso pomwe inali.

Ming'alu imeneyi ndi yomwe masapota sitikonda kuiyang'ana, chifukwa ilibe nkhope yoti uilozere chala. Kochi wa timu ya dziko sakhala ndi osewera ake. Amawapeza pa masiku omwe FIFA imalola, pafupifupi sabata imodzi ndi masiku awiri, ndipo m'masiku amenewo muli magemu awiri ndi maulendo a pandege. Osewera a ku South Africa, Tanzania, Zambia kapena Mozambique amafika kwatsala masiku awiri kapena atatu. Zomwe angaphunzitse pamenepo ndi zochepa: aime pati, kona amenye bwanji, ndani agwire ndani. Kulandira mpira, kupatsira, kuona malo, zonsezo wosewera amabwera nazo kuchokera komwe anakulira, ndipo ngati anakulira pa bwalo la fumbi popanda womuongola mpaka zaka 17, kochi wa Flames sangabweze zaka zimenezo. Mu 2021 zinafika poti magemu apakhomo a mpikisano wopitira ku World Cup anakaseweredwa ku Orlando Stadium ku Johannesburg, chifukwa mabwalo athu sanavomerezedwe. Kochi akhale dolo bwanji, sangabzale kapinga.

Ku matimu a mu ligi nkhani ndi ya m'thumba. Super League ili ndi matimu 16, aliyense amasewera magemu 30, ndipo dziko lathu ndi lalitali. Timu ya pakati pano imayenera kukafika ku Karonga, ku Chitipa, ku Blantyre. Mafuta, malo ogona, chakudya, malipiro, bonasi ya gemu. Mukayang'ana matimu amene amakhalitsa mu ligi, muona kuti ambiri ali ndi msana: Silver Strikers ili ndi Reserve Bank, Blue Eagles ndi ya apolisi, Kamuzu Barracks, Moyale ndi Mafco ndi za asilikali, Civo ndi ya boma, Bullets ndi Wanderers zili ndi makampani ndi anthu a ndalama pambuyo pake. Timu ya m'boma ngati lathu lino nthawi zambiri imatsamira thumba la munthu mmodzi kapena awiri. Ife a Kasungu tinalawako Super League pamene TN Stars inkasewera pa Kasungu Stadium, ndipo tikudziwa kukoma koona Maule (Bullets) kapena Manoma (Wanderers) atabwera pakhomo. Tikudziwanso kuti kukwera ndi kwina, kukhalitsa ndi kwina.

Mlimi wa fodya samavutika kumvetsa izi. Mwini esiteti amene sanagule fetereza pa nthawi yake, matenanti ake akugona ndi njala, akhoza kuchotsa kapitawo mu January n'kulemba wina wa mbiri yabwino. Watsopanoyo adzakuwa, adzadzutsa anthu m'mamawa, mizere idzaoneka yoyera. Koma pa msika wa fodya wa Chinkhoma sagula kukuwa. Tsamba limaonetsa zomwe linadya miyezi inayi yapitayo, ndipo nazale inafesedwa kapitawoyo asanabwere. Chodabwitsa n'chakuti mlimi yemweyo, amene amadziwa kuti fodya wofesa mu September amagulitsidwa mu April, akafika pa bwalo Loweruka amafuna kochi wa masabata atatu akolole.

Ndinaonapo ndekha pa timu ina ya m'ligi yaing'ono kuno, yomwe dzina lake ndilisunga. Kochi anabwera ndi mapepala ake, anyamata anamukonda. Gemu yachinayi, ya kutali, timu inanyamuka mochedwa chifukwa ndalama ya galimoto inapezeka m'mawa womwewo. Anafika kwatsala mphindi zochepa, ena asanadye, n'kulowa m'bwalo miyendo ili yowuma ndi ulendo. Anagonja 2-0. Madzulo ake pa gulu la WhatsApp la masapota palibe anatchula galimoto. Nkhani inali yoti kochi sadziwa kusintha osewera. Mmodzi mwa akuluakulu a komiti, amene anachedwetsa ndalamayo, ndi amene anayamba kulemba kuti zinthu zisintha posachedwa. Inenso ndinali pa gululo, ndipo sindinatsutse.

Apa ndi pamene pagona chinsinsi cha kuchotsa makochi kawirikawiri. Pa anthu onse ozungulira timu, kochi ndiye wotsika mtengo kumuchotsa. Osewera makumi awiri sungawachotse tsiku limodzi. Bwalo sungalisinthe. Komiti singadzichotse yokha. Kochi ndi munthu mmodzi, ali ndi dzina, amaima poonekera, ndipo akachoka masapota amakhala chete mwezi wathunthu. Kwa atsogoleri a timu, kulemba kochi watsopano ndi njira yogulira nthawi. Kungoti kutsika mtengoko n'kwa maso chabe. Kochi wochotsedwa kontrakiti isanathe amayenera kulipidwa, ena amakasuma kukhoti, ndipo watsopano amafuna osewera ake. Ndalama zomwe zikanagulira ana a timu yachisodzera mipira zimathera kulipira anthu awiri pa ntchito imodzi.

Ndiye pali nkhani ya mlendo. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ku mpira mwambiwu timaukhulupirira mopitirira. Kochi wa kuno akalephera timati tikufuna mzungu, wodziwa za makono, wosakondera. Mzungu akalephera timati sadziwa mpira wathu, tikufuna mwana wa m'nyumba. Van Geneugden wa ku Belgium anakhala zaka ziwiri kuyambira 2017, akulalikira mpira wopatsirana, koma magemu amene anapambana mukhoza kuwawerenga pa dzanja limodzi. Pambuyo pake panabwera Mwase, kenako Marinica, kenako Mabedi, kenako Pasuwa wa ku Zimbabwe. Wakunja, wakuno, wakunja, wakuno, wakunja, ngati munthu wodwala amene akusinthasintha pakati pa chipatala ndi sing'anga osamaliza mankhwala a kulikonse. Zoona zake n'zakuti maulendo awiri omaliza a ku chikho cha Africa anapezedwa ndi makochi a kuno. Zoonanso n'zakuti kochi amene wapambana kwambiri mu ligi yathu zaka zaposachedwa ndi wakunja. Pasipoti siuza munthu kanthu.

Wina anganene kuti, nanga bwanji Peter Mponda? Silver Strikers inatha zaka khumi ndi chimodzi osatenga ligi, iye anabwera mu 2024 n'kuitenga chaka chomwecho. Zoona, ndipo ulemu wake amupatse. Koma anapeza timu yomwe chaka chapitacho inathera pa nambala yachiwiri, osewera akulandira malipiro, bwalo lawolawo ku Area 47. Njala ya Silver inali ya munthu amene nkhokwe ili yodzadza koma wasowa wophika. Pasuwa nayenso, asanatenge ligi kasanu motsatizana ndi Bullets kuyambira 2018 mpaka 2023, anapeza timu ili kale m'gulu lotsogola, ili ndi kampani pambuyo, ili ndi timu yachisodzera yomwe inkatulutsa osewera chaka ndi chaka. Anali atachitanso zomwezo kwawo, kutenga ligi kanayi motsatizana ndi Dynamos. Luso lake ndi losakayikitsa, koma linagwera pa nthaka yonyowa. Choncho tikamati timu yakhala nthawi yaitali osapambana, tizisiyanitsa. Pali timu yomwe ikusowa kanthu kamodzi, ndipo kochi akhoza kukhala kanthu kameneko. Pali ina yomwe ikusowa zonse, ndipo kochi ndi dzina chabe loti anthu azitukwana.

Okonda mpira wa ku England, omwe ndi ochuluka m'mavidiyo shoo a pa Kasungu kuposa okonda wa kuno, amathamangira kutchula Alex Ferguson. Anafika ku Manchester United mu November 1986, chikho chake choyamba anatenga mu 1990, ligi anaitenga mu 1993, patatha zaka 26 timuyo isanaione. Ndiye amati mwaona, kochi amafunika nthawi. Ine chitsanzo chimenechi ndimachiopa, chifukwa kochi aliyense wolephera amabisalamo. Alipo ambiri anapatsidwa zaka zitatu n'kusiya timu pomwe anaipeza, kapena pansi kuposa apo, kungoti mayina awo sitiwakumbukira. Nthawi payokha siphunzitsa timu. Ferguson m'zaka zoyambazo ankagwira ntchito yooneka: anathetsa mowa pakati pa osewera, anakonzanso njira yopezera ana aluso, ndipo akuluakulu a timu ankaona zimenezo ngakhale zigoli zisanabwere.

Funso lenileni ndiye si loti timupatse nthawi kapena ayi. Ndi loti tikuyang'ana chiyani pa nthawi imeneyo. Zilipo zinthu zomwe zili m'manja mwa kochi, ndipo zimaoneka msanga kwa munthu amene amaonera mpira osati kungomva zotsatira. Timu ikamatopa pa mphindi 60 mwezi woyamba, si mlandu wake. Ikamatopabe mwezi wachinayi, ndi wake. Ikamamwetsedwa zigoli za pa kona sabata ndi sabata mofanana, ndiye kuti pa maphunziro sakukonzapo. Mukaonera magemu asanu muyenera kutha kunena kuti timuyi ikufuna kusewera motere, ngakhale ikulephera. Mwana amene anali wamantha mu April ayenera kuoneka wosiyana mu August. Ndipo kochi azitha kuuza dolo wa timu kuti lero ukhala pansi, komanso kuuza bwana wa komiti kuti mwana wa mlongo wanu sanafike poyamba. Chomalizachi ndi chovuta kuposa zonse pa matimu athu ang'onoang'ono, chifukwa amene akupereka dzina la wosewera ndi yemweyo amene akupereka ndalama ya mafuta.

Ponena za masapota, pali chinthu chimodzi chomwe ndimawaikira kumbuyo. Anthu ophunzira amakonda kuwanena kuti ndi osaleza mtima, osadziwa mpira. Koma sapota sauzidwa kanthu. Kochi akalembedwa, akuluakulu amaima pamaso pa atolankhani n'kunena kuti cholinga ndi chikho, chifukwa kunena kuti cholinga ndi kuthera pa nambala 8 sikubweretsa anthu pakhomo. Kochi naye, pofuna ntchito, amavomera. Palibe amene amaimirira n'kunena kuti osewera sanalandire miyezi iwiri, kuti atatu abwino agulitsidwa, kuti chaka chino tikungofuna kupulumuka. Sapota amapatsidwa lonjezo, amalipira pakhomo chifukwa cha lonjezolo, ndiye likasweka timadabwa kuti wakwiya. Chiyembekezo chopitirira sichimera chokha m'mitima ya anthu a pa depoti. Chimafesedwa ndi omwe amafuna ndalama zawo.

Komabe mkwiyowo uli ndi mtengo womwe timu imalipira. Kochi akadziwa kuti magemu atatu ndi amene aweruze ntchito yake, sangaike mwana wa zaka 18 pakati. Amasankha madala omwe aja, amatseka kumbuyo, amamenya mpira wautali, amafunafuna pointi imodzi. Ndiye kuti timu yomwe ikufunika kumangidwa mwatsopano ndi yomwe imakanika kumangidwa, chifukwa aliyense wobwera akungofuna kufika Loweruka lotsatira ali pa ntchito. Wosewera naye amaphunzira. Akaona kuti makochi amabwera n'kupita iye alipobe, mawu a kochi amapepuka. Akamulanga amangoti tiona amene atsale. Mwa njira imeneyi njala imadzibala yokha: kulephera kumabala kusaleza, kusaleza kumabala mantha, mantha amabala mpira womwe uja.

Timu ija ya kwathu ili ndi kochi wina tsopano, wachitatu kuchokera pa wa galimoto uja. Sabata yatha ndinadutsa pa bwalo madzulo ndikuchokera ku msika. Anali ndi anyamata 19 ndi mipira inayi, umodzi wophwa. Ankaphunzitsa otchinga kumbuyo kuyenda pamodzi ngati mzere, akuwaimitsa, kuwabweza, kuwayambitsanso, mpaka dzuwa linabisala. Pamphepete panaima mkulu wina ndi njinga yake, chipewa cha timu chakale chili kumutu. Anaonerera kwa kanthawi, kenako anandiyandikira.

"Bambo, mukumuona bwanji ameneyu?"

Ndinati n'zovuta kudziwa, wangoyamba kumene.

"Loweruka tiona," anatero, n'kukwera njinga yake kulowera cha ku M1.